Kanema Wopatsirana: Mmene Oonera Anasandukira Oulutsa pa Intaneti

Usiku wa pa 28 Januwale 2006 dziko la China linali pa chikondwerero cholowa m'chaka chatsopano. Monga zakhalira kuyambira 1983, wailesi ya kanema ya boma, CCTV, inkaulutsa chionetsero chake cha nyimbo, magule ndi nthabwala, chimene mabanja amaonera ali pa chakudya mpaka pakati pa usiku. Koma usiku umenewo panali anthu oposa 200,000 amene anaonera chionetserocho pa kompyuta, kudzera m'kapulogalamu kaulere kotchedwa PPLive, kamene kanali katangotha chaka chimodzi chibadwire.

Kwa munthu wa lero, amene amaonera mpira pa foni ali mu minibasi, chiwerengerochi n'chosadabwitsa. Akatswiri a nthawiyo chinawazunguza mutu. Gulu la a Keith Ross la pa Polytechnic University ku Brooklyn, limene linafufuza PPLive mozama, linaika masamu ake poyera: woonera aliyense ankalandira pakati pa 400 ndi 800 kilobit pa sekondi, ndipo kuphatikiza onse zinkakwana pafupifupi 100 gigabit pa sekondi. Kampani yaing'ono ya anyamata ongochoka kumene ku yunivesite sikanatha kulipira mulu wa data wotere, ndipo sinalipiredi. Amene anasenza katunduyo anali oonera eni akewo. Kompyuta ya aliyense inkalandira chithunzi kwa anzake n'kumapatsiranso ena, mwini wake ali phee kuseka nthabwala.

Gwero la nkhani yonseyi ndi kusiyana kwa nsanja ya wailesi ndi intaneti. Nsanja ikaulutsa mawu kapena chithunzi, imaulutsa kamodzi basi. Kaya akumvera ndi anthu khumi, kaya mamiliyoni khumi, mtengo wake ndi womwewo. Intaneti sinamangidwe choncho. Seva imayenera kutumizira munthu aliyense kope lakelake. Oonera akafika 1,000, makope ndi 1,000. Akafika miliyoni, makope ndi miliyoni, ndipo bilu imakwera nawo limodzi. Choncho pa intaneti kutchuka kunali ngati tsoka. Chinthu chikakondedwa kwambiri, seva inkalemedwa n'kugwa pa nthawi yeniyeni imene aliyense ankachifuna.

Yankho loyamba linabwera kale ndithu. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, Steve Deering, amene ankachita maphunziro apamwamba pa Stanford, anakonza njira yotchedwa IP multicast: seva itumize kope limodzi, ndipo makina a m'mphambano za intaneti ndiwo azilichulukitsa pamene njira zikugawikana. Mu 1992 kunabadwa netiweki yoyesera njirayi, MBone, ndipo mu Novembala 1994 gulu loimba la Rolling Stones linaulutsapo gawo la phwando lake kuchokera ku Dallas. Nzeru yake inali yabwino, koma makampani ogulitsa intaneti sanaifune. Inkalemetsa makina awo, ndipo panalibe njira yomveka yogawanirana ndalama pamene kope limodzi ladutsa m'manetiweki a makampani angapo. Multicast inatsala ya mkati mwa netiweki ya kampani imodzi, ndipo mpaka lero ndi mmene ilili.

Mu 2000, Hui Zhang ndi ophunzira ake awiri, Yang-hua Chu ndi Sanjay Rao, a pa Carnegie Mellon University, anatulutsa pepala limene linatembenuza funsolo. Ngati makina a pakati akukana kuchulukitsa makope, bwanji ntchitoyo asaigwire makompyuta a oonera? Pulogalamu yawo, End System Multicast, inkandandalika oonera ngati mtengo: gwero lipatse anthu ochepa, aliyense wa iwo apatse ena ochepa, n'kumapitirira choncho mpaka ku nsonga. Mu 2002 anaulutsa nayo msonkhano waukulu wa akatswiri a manetiweki wa SIGCOMM. Chaka chomwecho kunatulukanso PeerCast, pulogalamu yaulere ya mtundu womwewu imene inakakondedwa kwambiri ku Japan.

Koma kandandalikidwe kameneka kanali ndi matenda awiri. Munthu wa pafupi ndi gwero akazimitsa kompyuta kupita kukagona, onse amene ankadalira iyeyo chithunzi chinkawathera pompo. Komanso anthu a ku nsonga, amene ndiwo ambiri, ankangolandira osapatsa aliyense, pamene ochepa a pakati ankasenza zonse. Akatswiri a Microsoft Research ndi a Rice University anayesa kuchiza zimenezi mu 2003 ndi SplitStream, imene inkagawa chithunzi m'mizere ingapo, mzere uliwonse ndi mtengo wakewake. Zinatheka, koma zinali zovuta kumanga.

Mankhwala enieni anachokera kwa anthu opatsirana nyimbo ndi mafilimu. Napster ya Shawn Fanning inali itaphunzitsa kale dziko mu 1999 kuti makompyuta a m'nyumba angathe kupatsana mafayilo okhaokha, njira imene inadziwika ndi dzina loti peer-to-peer, mwachidule P2P. Mu 2001 Bram Cohen anatulutsa BitTorrent, imene inkadula fayilo m'tizidutswa kuti munthu azitolera kwa anthu ambiri nthawi imodzi, kwinaku akupereka timene wapeza kale. Chovuta chinali chakuti BitTorrent sisamala za ndondomeko: mapeto a filimu angathe kufika chiyambi chisanafike, bola zonse zikwane. Mpira umene ukuseweredwa pakali pano sungayende choncho. Kachidutswa kalikonse kali ndi nthawi yake, ndipo kakachedwa n'kopanda ntchito.

Amene analumikiza ziwirizi anali Xinyan Zhang, wophunzira wa pa Chinese University of Hong Kong. Pulogalamu yake, CoolStreaming, inatuluka mu Meyi 2004, patangotsala masabata ochepa kuti mpikisano wa Euro 2004 uyambe ku Portugal. Iye pamodzi ndi Jiangchuan Liu, Bo Li ndi Tak-Shing Peter Yum anafotokoza kagwiridwe kake ka ntchito m'pepala la mu 2005, ndipo pafupifupi mapulogalamu onse otchuka amene anabwera pambuyo pake anatsata mapazi omwewo.

Kagwiridwe kake n'kotere. Munthu mmodzi amalumikiza kanema ku kompyuta, ndipo pulogalamu imadula chithunzicho m'tizidutswa, kalikonse ka sekondi imodzi, n'kutipatsa manambala. Woonera watsopano akatsegula pulogalamu, imafunsa seva yaing'ono mayina a ena amene akuonera tchanelo chomwecho. Seva imeneyi imalozera anthu kwa anzawo. Kompyuta ya woonerayo imasankha anzake angapo, ndipo nthawi ndi nthawi amatumizirana kamndandanda ka manambala 120, iliyonse 1 kapena 0, kosonyeza tizidutswa timene aliyense ali nato ndi timene alibe mwa masekondi 120 amene ali pafupi. Zimakhala ngati ana a sukulu amene aliyense anajomba tsiku lake: uyu ali ndi manotsi a Lolemba, uyo a Lachitatu, ndipo akakhala pansi n'kuonetsana makope, aliyense amakopera chimene chikumusowa mpaka onse atakwanira. Pulogalamu imayamba kupempha kachidutswa kamene kali ndi anthu ochepa, kuopa kuti kangasowe, ikuyang'ananso kamene nthawi yake yoonetsedwa yayandikira ndi mnzake amene ali ndi laini yothamanga. Tikafika, imatiika mu ndondomeko n'kutipereka ku Windows Media Player kapena RealPlayer, imene imaonetsa chithunzi ngati chikuchokera kumodzi.

Apa palibe kholo, palibe mwana. Wina akazimitsa kompyuta, anzake amangopempha kwina. Ndipo chimene chinasangalatsa akatswiri kwambiri n'chakuti lamulo lakale lija linatembenuka: oonera akachuluka, opatsa amachulukanso, ndiye chithunzi chimayenda bwino koposa. Tchanelo chovutitsa chinali cha anthu ochepa.

CoolStreaming yoyambayo sinakhalitse. Inatsekedwa mu Juni 2005 chifukwa cha nkhani za umwini wa zimene inkaonetsa. Koma moto unali utayaka kale m'mayunivesite a ku China. Ku Wuhan, pa Huazhong University of Science and Technology, Yao Xin, mnyamata wokonda mpira, anatulutsa PPLive chakumapeto kwa 2004, kenaka anasiya maphunziro n'kukatsegula kampani ku Shanghai. SopCast inachokera ku Fudan University, TVAnts ku Zhejiang University. PPStream inabwera mu 2005, pamodzi ndi TVUPlayer, UUSee ndi QQLive ya kampani ya Tencent. N'chifukwa chiyani China? Intaneti yothamanga inkafalikira mofulumira m'mizinda, ophunzira mamiliyoni ankakhala m'zipinda zokhala ndi netiweki koma zopanda kanema, ndipo kuyambira 2002 Yao Ming ankasewera basketball ku Houston Rockets, dziko lonse likufuna kumuona. Komanso, tisanamizane, nthawi imeneyo malamulo a umwini sankatsatidwa kwenikweni.

Sipanatenge nthawi kuti okonda mpira a ku Ulaya atulukire mgodi umenewu. Ku England kuli lamulo lakalekale la mpira loletsa kuonetsa masewero pa kanema Loweruka kuyambira 2:45 mpaka 5:15 masana, pofuna kuti anthu azipita ku mabwalo. Koma masewero omwewo ankaonetsedwa momasuka ku Asia. Ndiye munthu wa ku Liverpool ankakhala pa kompyuta kuonera timu ya mumzinda wake womwe kudzera pa tchanelo cha ku China, woulutsa akulankhula Chitchaina chimene samamva ndi liwu limodzi lomwe, mabatani a pulogalamu akungowaloweza malo ake. Kunabadwa masamba a pa intaneti monga MyP2P ndi Rojadirecta amene ntchito yawo inali kundandalika malinki a masewero a tsikulo, ambiri oyamba ndi zilembo sop:// za SopCast. Mpikisano wa World Cup wa 2006 ku Germany unakokera anthu enanso ambiri.

Waulerewo unali ndi mtengo wake. Munthu akatsegula tchanelo ankadikira masekondi 20 kapena 30, nthawi zina mphindi ziwiri, kuti tizidutswa tiyambe taunjikana. Chithunzi chinkatsalira kumbuyo kwa zochitika zenizeni, ndipo ofufuza anapeza kuti oonera awiri a tchanelo chimodzi ankatha kusiyana ndi mphindi ziwiri. Woonera ankamva aneba a dishi akukuwira chigoli, iye pa kompyuta pake mpira ukadali pakati pa bwalo. Chithunzicho chinalinso chaching'ono, ndipo mpira ukathamanga unkasanduka kadontho kosaoneka bwino.

Amalonda otsatira malamulo nawonso anaikhumbira njirayi. Zattoo, imene anayambitsa Sugih Jamin wa pa University of Michigan ndi Beat Knecht, inayamba ku Switzerland mu 2006 ili ndi chilolezo choulutsira matchanelo. Niklas Zennström ndi Janus Friis, amene anali atalemera kale ndi Kazaa ndi Skype, anatsegula Joost mu 2007, nasonkhanitsa madola 45 miliyoni kwa oika ndalama, kuphatikizapo CBS ndi Viacom. Nyuzipepala zinkailemba ngati kanema wa m'tsogolo. Pofika kumapeto kwa 2008 Joost inali itataya pulogalamu yake ya P2P, ndipo mu Novembala 2009 katundu wake anagulitsidwa. Tsiku lalikulu la njirayi m'dziko la malonda linali 20 Januwale 2009, pamene Barack Obama ankalumbiritsidwa: CNN inafika pa oonera 1.3 miliyoni nthawi imodzi pa intaneti, ndipo pafupifupi theka la iwo ankalandira chithunzi kudzera mu Octoshape, pulogalamu ya ku Denmark. Ambiri anangodina kuvomera osawerenga, ndipo zitadziwika kuti laini yawo inkatumikira anthu ena, panabuka madandaulo.

Chimene chinafooketsa kanema wa P2P si makhoti okha, ngakhale kuti eni mpira sanagone. Chachikulu chinali chakuti vuto limene anabwera kudzathetsa linayamba kutha lokha. Makampani monga Akamai anamwaza maseva m'mizinda yambiri pafupi ndi oonera, ndipo mtengo wotumizira data unkatsika chaka ndi chaka. YouTube, imene inayamba mu 2005, inazolowetsa anthu kungodina n'kuonera pompo mu browser, popanda kuika pulogalamu yachilendo. Justin.tv ndi Ustream zinachita chimodzimodzi ndi zochitika za pompopompo kuyambira 2007. Mu 2009 Apple inatulutsa HLS, njira yodula chithunzi m'tizidutswa toyenda pa maseva wamba, yotha kusintha ukulu wa chithunzi malinga ndi mphamvu ya laini. Ndani akanafunanso kudikira mphindi ziwiri?

Panalinso zofooka za m'kati. Malaini a ADSL a m'nyumba ankatsitsa mwachangu koma ankatumiza pang'onopang'ono, choncho ambiri ankalandira zoposa zimene akanatha kubweza, ndipo gulu lonse linkadalira ochepa a malaini amphamvu, makamaka a m'mayunivesite. Makampani a intaneti nawo ankaipidwa, chifukwa mapulogalamuwa sankasamala kuti mnzako ali kuti: kompyuta ya ku Milan inkatha kutenga kachidutswa ku Beijing pamene mneba wa m'nyumba yachiwiri ali nako. Mu 2007 kampani ya Comcast ku America inagwidwa ikusokoneza dala BitTorrent pa malaini ake. Kenaka kunabwera mafoni, amene batire ndi data yake sizilola kutumikira anthu osawadziwa. BBC inasiya P2P pa iPlayer mu 2008, ndipo Spotify inayamba kuisiya mu 2014. Ngakhale Bram Cohen mwini wake, amene anathera zaka zingapo akumanga BitTorrent Live n'kuitulutsa mu 2013, sanapeze oonera okwanira, ndipo inatsekedwa mu 2017.

Kuno kwathu nyengo imeneyi inangotidutsa. Zaka zimene SopCast ndi PPLive zinali pa chimake, gombe la kum'mawa kwa Africa linalibe chingwe cha intaneti cha pansi pa nyanja. SEACOM inafika ku Mombasa, Dar es Salaam ndi Maputo mu Julaye 2009, ndipo EASSy inatsatira mu 2010. Pofika nthawi imeneyo dziko linali litayamba kale kuchoka pa kompyuta kupita pa foni, ndipo mpira wa ku England anthu a ku Lilongwe, Chipata ndi Tete ankauonera pa dishi, m'mabala ndi m'mavidiyo sho.

Makampani a ku China amene anapulumuka anachita kusintha khungu. Anayamba kugula zilolezo ndi kumanga maseva awoawo. Mu 2013 Baidu inagula bizinesi ya mavidiyo ya PPStream pa madola 370 miliyoni n'kuiphatikiza ndi iQiyi. PPLive inasanduka PPTV, inalandira madola 250 miliyoni kuchokera ku SoftBank mu 2011, ndipo mu 2013 Suning pamodzi ndi Hony Capital anagula gawo lalikulu pa madola 420 miliyoni. Chotsatira chake n'choseketsa komanso chomvetsa chisoni. Kampani imene inakula ndi mpira waulere inasaina mu 2016 mgwirizano wa pafupifupi madola 700 miliyoni kuti izionetsa Premier League ku China kwa zaka zitatu kuyambira 2019. Mu 2020, chaka chimene mliri wa Covid-19 unaimitsa ligi, kampaniyo sinalipire gawo limene linafunika, ndipo mu Seputembala chaka chomwecho ligi inathetsa mgwirizano. Mu Januwale 2022 khoti lalikulu ku London linalamula nthambi yake ya zamasewero kulipira madola 213 miliyoni. Kugawa chithunzi kunali kotchipa. Chodula chinali chimene chili m'chithunzimo.

Kumbali yosatsata malamulo, mpando wa SopCast unatengedwa ndi Ace Stream, pulogalamu yomangidwa pa BitTorrent imene poyamba inkatchedwa Torrent Stream. Tchanelo chilichonse chimadziwika ndi mzere wa zilembo ndi manambala 40, umene anthu amapatsana mobisa, ndipo chithunzi chake chimatha kukhala chowala ngati cha dishi. LaLiga ya ku Spain yakhala ikulimbana nayo kwa zaka. Premier League nayo inapeza chilolezo cha khoti mu Malichi 2017 chotseka maseva oulutsa mpira mobera pa nthawi yomwe masewero ali mkati. Chimene oonera ambiri saganizira n'chakuti pa P2P palibe wongoonera. Aliyense akutumizanso, ndipo nambala ya IP ya laini yake imaoneka kwa wina aliyense amene walowa m'gulumo, kuphatikizapo maloya a eni mpira.

Koma amene ankati njirayi yafa analakwitsa. Mu 2011 Google inatsegulira onse WebRTC, njira yolola ma browser awiri kulankhulana mwachindunji. Cholinga chinali mafoni a vidiyo, koma ena anaona msanga kuti tizidutswa ta kanema tingadutsenso momwemo, popanda pulogalamu yoika pa kompyuta. Kampani ya ku France ya Streamroot ndi ya Peer5 zinamanga malonda pamenepo: chiyambi cha chithunzi chimachokera ku seva kuti woonera asadikire, ndipo zotsatira zimachokera kwa anzake akapezeka, akasowa, seva imatseka mpatawo. Kuphatikiza kumeneku n'kumene kunathetsa matenda a kuchedwa. Akamai inagula Octoshape mu 2015, CenturyLink inagula Streamroot mu 2019, ndipo Microsoft inagula Peer5 mu 2021 kuti izithandiza pa Teams pamene antchito zikwi za kampani imodzi akuonera bwana wawo akulankhula, laini ya ofesi osatsamwa. PeerTube, pulogalamu yaulere ya bungwe la Framasoft ku France imene inatuluka mu 2018, inayamba kuulutsa zochitika za pompopompo mu Januwale 2021, ndipo imalola tchalitchi, sukulu kapena wailesi yaing'ono kukhala ndi tchanelo chake pa seva yotchipa, oonera akuthandizana katundu.

Kwa woulutsa wosauka, nzeru ya Xinyan Zhang ikadali yabwino ngati mmene inalili mu 2004. Funso limene silinayankhidwe bwino ndi lakuti ndani akulipira. Kumene anthu amalipira laini pa mwezi mopanda malire, kutumizira ena sikupweteka thumba. Kumene intaneti imagulidwa pa bandulo, megabyte yotuluka imawerengedwa chimodzimodzi ndi yolowa, ndipo munthu angathe kutha data yoposa imene waonera, akutumikira anthu a kutsidya kwa nyanja. Pa PeerTube woonera amauzidwa poyera kuti akuthandiza kugawa chithunzi, ndipo pali batani lozimitsira. Masamba ambiri a mpira waulere sanena chilichonse, choncho amene bandulo yake ikutha msanga pa tsiku la masewero ayambe waona kuchuluka kwa data imene foni yake yatumiza.